Tsiku Limene a Tanyambitani Anakaniza Uchi

Akalipentala ambiri amadziwika ndi pensulo yopachika pakhutu. A Tanyambitani nawo pensulo anali nayo, koma chimene anthu ankawadziwa nacho chinali kasipuni ka tiyi kamene kankasuzumira m'thumba la shati yawo kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Munthu akangotsokomola akudutsa pa shopu yawo, ngakhale wongopalamwa ndi malovu ake omwe, ankamva sowo yaleka kulira, kenako mawu ochokera m'kati mwa utuchi: "Taimani kaye, achimwene. Bweretsani dzanja. Tanyambitani apa." Akamanena zimenezi n'kuti botolo atatsekula kale, uchi ukudonthera pachikhatho cha munthuyo. Dzina linachokera pamenepo, ndipo linawakanirira moti ngakhale akazi awo akapsa mtima ankawaitana nalo lomwelo.

Njuchi sanachite kuzifuna, zinabwera zokha. Kalekale, ana adakali aang'ono, anapanga kabati ndi matabwa aawisi chifukwa mwini wake ankawafulumizitsa. Matabwa atauma zitseko zinapindika, mwini wake anaikana, ndipo kabati ija inakaponyedwa kuseri kwa shopu. Tsiku lina njuchi zinalowera pampata wa chitseko chopindikacho n'kukhazikika. Akazi awo anatulukira ndi palafini ndi machesi, koma bambowo anaima kutsogolo kwa kabati manja atatambasula.

"Kabati iyi aliyense anainyoza," anatero. "Awa okha ndi amene aona kuti ndi ntchito yabwino. Asiyeni alendi anga."

Alendiwo anawathokoza ndi mbola pachikope, moti kwa masiku angapo ankapala matabwa ndi diso limodzi, mkazi akuseka mpaka kugwira m'mimba. Koma a Tanyambitani ndi munthu wouma mutu. Anaphunzira kufukiza utsi, anasokera neti ya udzudzu pachipewa, anakhoma ming'oma yeniyeni ndi manja awo n'kuisamutsira kumalo a mitengo, kutali ndi nyumba za anthu. Pofika nthawi imene imvi zinayamba, shelefu yonse ya kumanzere mu shopu, imene inali ya vanishi ndi guluu, inali itadzaza mabotolo a uchi.

Msewu wonse unkadalira shelefu imeneyo. Oitanira maminibasi mawu akasasa ankabwera. Aphunzitsi ankabwera, oimba kwaya ankabwera, amayi opsa pang'ono ndi poto ankabwera. Phula ankalisungunula n'kulisakaniza ndi mafuta kuti a ming'alu kumapazi azipaka. Komanso tisawanamizire, sanali munthu wongogawa mwachisawawa. Wina atabwera ndi bala lakuya lonunkha, iwo sanatsekule n'komwe botolo, anangomukweza panjinga ulendo wa kuchipatala. Chifuwa chokhalitsa ankati n'cha adokotala. Ndipo mnzawo wapamtima, a Makanika a pa galaja yoyandikana nayo, amene anali ndi matenda a shuga, ankamanidwa tsiku ndi tsiku. Ankati akabwera akudzitsokomoletsa, a Tanyambitani ankawapatsa madzi ofunda opanda kanthu n'kuwauza kuti anunkhize chivindikiro.

Panali chinthu chimodzi chimene ankanyadira kuposa ming'oma. Mwana wawo aliyense, atangobadwa, anamudonthezera uchi palilime ndi dzanja lawo. Ankati n'chifukwa chake onse anakula ndi matupi abwino. Anawo atakula anabalalika kukafuna ntchito kutali, ndipo zidzukulu zimene zinabadwa kumeneko ankangoziona pafoni, zikutafuna zala pagalasi. Amene anatsala pafupi anali mwana wamkazi womaliza, yemwe aliyense ankangomutchula kuti Chitsiriza. Anali telala, anakwatiwa ndi dalaivala wa mathiraki, ndipo ankakhala misewu ingapo kuchokera kwa makolo ake. Nkhope anatengera mayi ake, koma kuuma mutu konse kunali kwa bambo ake.

Uthenga utafika woti Chitsiriza wachira ndipo ndi mwana wamkazi, a Tanyambitani anasiya chitseko cha eni chili chopalidwa mbali imodzi. Anasamba, anavala jekete, n'kuika m'thumba kabotolo ka uchi wa m'zisa zatsopano, woyera mbee, umene anausefa okha panyengo imene mimba inkakula. Analowa m'chipinda cha amayi oyembekezera ndi ochira akufuula ngati ali pa shopu.

"Akazi anga ali kuti? Ndabwera kudzaona akazi anga atsopano. Akalewa atha ntchito!"

"Atengeni," anayankha akazi awo, amene anagona komweko monga mlezi. "Tione ngati angamakuchapireni makolala akudawo."

Anawaikira kamwanako m'manja. Kanali kopepuka, kofiira, kali ndi tsitsi lambiri ndi kankhope kokwinya ngati kakudandaula kuti akadzutsiranji. A Tanyambitani anakhala m'mphepete mwa bedi, anatulutsa kabotolo ndi kasipuni, ndipo dontho linali litalendewera kale pamene dzanja la Chitsiriza linawagwira pamkono.

"Ababa, ayi."

"Ayi chiyani?"

"Uchi ayi. Mpaka akwanitse chaka. Anatiuza kusikelo."

Bambowo anaseka. "Uchi wanga? Wosefa ine ndemwe? Iweyo unanyambita usanathe tsiku. Taona mphamvu zako, ukundifinya mkono ngati pulayala."

"Ndati ayi, ababa."

Amayi a pamabedi ena anali atadzutsa mitu. Munthu wina akanangobweza sipuni m'thumba n'kukhala chete, nkhani ikanathera pomwepo. Koma a Tanyambitani akaona anthu akumvetsera, pakamwa pamawayabwa.

"Chabwino," anatero akutsinzinira amayi aja diso. "Koma iwe sukhala maso nthawi zonse. Tsiku lina udzangotembenuka, ine ndi akazi angawa tidzamvana."

Chipinda chonse chinaseka. Chitsiriza yekha sanaseke. Anatenga mwana wake n'kumubisa m'nsalu, ndipo mawu amenewo anawasunga monga momwe anawamvera.

Kuyambira pamenepo a Tanyambitani anakhala agogo a mlonda. Chitsiriza sanakwiye, ayi. Ankabwera kawirikawiri, ankacheza, ankawapatsa mwana kuti anyamule. Koma ankaima pomwepo, maso ali pathumba la shati. Akafuna kupita kuseri ankapereka mwana kwa mayi ake n'kunena kuti, "Amayi, maso." Mayi ake akakhala kuti achoka, ankalowa naye kubafa. Bambo ake akati, "Msiye kuno ukaperekere zovala za eni," iye ankayankha mwaulemu wonse kuti asavutike. Tsiku lina a Tanyambitani anakapeza mkamwini wawo ali yekha ndi mwana. Mnyamata wa ulemu uja anagwada, anawalonjera, thukuta lili kamukamu, kenako anakumbukira mwadzidzidzi kuti mwana ayenera kukaotha dzuwa kwa aneba, ndipo apongozi anatsala okha pabalaza akuyang'anizana ndi wailesi.

Anapangira mdzukulu kabedi ka matabwa abwino koposa amene anali nawo, anakapala ndi sandipepa mpaka kukhala see ngati tsaya la mwiniwake. Kabedi kanalandiridwa ndi manja awiri. Koma amene anakapanga sanaloledwe kukhala pambali pake popanda wina wowayang'anira. Pamaso pa anthu ankachita nthabwala, ankati mkazi watsopano amayenda ndi apolisi. Mumtima zinkawawawa kwambiri. Mwana anayamba kumwetulira, anayamba kugubuduka, iwo asanakhale naye awiriwiri ngakhale kanthawi koti n'kumuuza zachabechabe zimene agogo amauza zidzukulu popanda womvetsera.

"Munadzipalira nokha ndi pakamwa panupo," ankatero akazi awo, amene pankhani zotere chifundo alibe.

Tsiku lina m'mawa anaganiza zokathana ndi nkhaniyi kumene inachokera. Anatenga botolo n'kupita kusikelo. Anakhala pabenchi pakati pa amayi ndi makanda, mwamuna yekhayekha, utuchi uli m'tsitsi.

"Agogo, mwana mwamuiwala kunyumba?" anafunsa mayi wina.

"Asiyeni, abwera kudzakwera sikelo okha," anatero wina. "Koma kabudula wa sikelo uja akakwanamo?"

A Tanyambitani anayankha kuti abwera kudzabayitsa katemera wa ukalamba, ndipo benchi yonse inagwedezeka ndi kuseka. Mzere utatha analowa. Anamwino ake anali odziwana nawo, mayi wojintcha amene mawu ankawathera kawirikawiri chifukwa choitana mayina tsiku lonse, ndipo ankachira ndi shelefu ya kumanzere ija. Bambowo anaika botolo patebulo molunjika kuwindo kuti dzuwa lipyoze.

"Taliyang'anani bwino, anamwino. Muli kalitsiro m'menemu? Mwandidanitsa ndi mwana wanga."

Anamwino sanaseke, komanso sanakwiye. Anakoka mpando n'kuwauza kuti akhale.

"Uchi wanu ndi woyera, bambo, ine ndemwe ndimamwa. Nkhani si ukhondo wanu. M'dothi ndi m'fumbi mumakhala timbewu ta tizilombo tina, tosaoneka ndi maso. Njuchi zimayenda ponseponse, ndiye nthawi zina timbewuto timapezeka mu uchi, ngakhale wa m'masitolo akuluakulu. Inu ndi ine tikameza timangodutsa, chifukwa m'mimba mwathu munakhwima. Koma m'matumbo a khanda timatha kumera n'kutulutsa poizoni. Mwana amayamba kudzimbidwa, amayamwa mofooka, khosi lili lende, kulira kwake kosamveka. Ena kupuma kumene kumawakanika."

"Nanga ndikausefa kawiri?"

"Timadutsa pansalu."

"Ndikauwiritsa?"

"Kuwiritsa kwa kunyumba sititha nako."

"Kadontho chabe, ka pamlomo?"

"Ngakhale kameneko."

A Tanyambitani anatsamira patebulo, apa ndi pamene anali ndi mfundo yawo yaikulu. "Nanga ana anga onse aja? Alipo amene anafooka khosi?"

"Palibe, ndipo tithokoze. Matendawa sagwira mwana aliyense wonyambita, ndi osowa ndithu. Ana anu anachita mwayi. Funso langa ndi lakuti, mwayi umenewo mukufuna muuyeserenso pa mdzukulu wanu?"

Bambo wa pakamwa posatopa uja anayang'ana botolo lawo nthawi yaitali. Kenako analankhula motsitsa, ngati akudziuza okha. "Ndiye kuti thabwa lake likadali laliwisi."

"Akalipentala ndinu, za matabwa mukudziwa nokha," anatero anamwino. "Akakwanitsa chaka, kasipuni kanu kadzamuthandiza chifuwa monga kamathandizira ena onse."

"Nanga panopa akatsokomola, munthu angatani?"

"Aziyamwa pafupipafupi. Muzimupukuta mphuno, muzimunyamula chilili. Koma akatentha thupi, akamakana kuyamwa, kapena mukaona akupuma mofulumira, pansi pa nthiti pakulowa m'kati, thamangani naye kuno."

Botolo analisiya pomwepo ngati mphatso. Panjira pobwerera ankaona tinkhope ta ana awo, kamodzikamodzi, aliyense atayasamula kakamwa pansi pa sipuni yawo, ndipo anachita mantha a zinthu zimene zinadutsa kalekale osachitika. Anakhala pamwala m'mbali mwa msewu mpaka mtima unabwerera m'malo.

Madzulo ake anapita kwa Chitsiriza ndi cholinga chokalankhula ngati munthu wamkulu. Panjira mawu anawakonza bwinobwino. Koma atangofika pakhomo n'kuona mwana wawo ali pa makina osokera, khalidwe lija linawatsogolera.

"Ndalapa!" anafuula manja ali m'mwamba. "Lero ndinakwera sikelo, andipeza kuti nzeru zanga sizikukwana ndi kilo yomwe. Uchi ndasiya, mwana wanga. Ndamva zonse."

Chitsiriza anaseka mpaka ulusi unaduka. "Ababa, inu ndimakudziwani." Ndipo popita kukaika madzi a tiyi anadzutsa mwana m'kabedi n'kupita naye kukhitchini. Bambowo atafuna kubwereza mosaseka, nkhope yawo inawakanika, chifukwa nkhope imeneyo kwa zaka zonse inazolowera kunena zoona ndi zabodza ikumwetulira mofanana.

Nthawi inapita, mwana anayamba kukhala yekha pansi, timano tiwiri tinatuluka. Kenako zinthu zinangokumana tsiku limodzi. Agogo aakazi anali atapita kukadwazika mng'ono wawo kutali. Mkamwini anali paulendo ndi thiraki. Ndipo dzino la Chitsiriza, limene ankalinyengerera ndi madzi amchere kwa nthawi yaitali, linatopa kunyengereredwa. Anafika pa shopu m'mawa tsaya litatupa mpaka diso kuchepa, mwana ali kumbuyo, chikwama chili m'manja. Aneba ake owadalira anali kuntchito, ndipo kochotsa mano, ndi mzere wakewo, sikopita ndi khanda lachimfine.

Anamasula nsalu n'kutsitsa mwana. Analankhula ndi mbali imodzi ya pakamwa. Mkaka wofinya uli m'kapu ya chivindikiro, phala lili m'kontena, matewera ali pansi. Mwana anatsokomola, kachifuwa konyowa, mamina akutsika. Chitsiriza anayang'ana shelefu ya mabotolo, anayang'ana thumba la shati, kenako anayang'ana bambo ake m'maso.

"Ababa, chonde."

Nthabwala inafika pakamwa, yabwino kwambiri, ya tsaya lotupalo. Anaimeza. "Pita ukachotse dzino," anatero.

Anamuona akutembenuka kawiri asanakhote pakona. Atangosowa, a Tanyambitani anatseka shopu ndi loko, uchi ndi utuchi zonse m'kati. Anakhazika mwana pamphasa pakhonde la nyumba, anasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, anatsuka ndevu, anasintha shati, chifukwa munthu amene amakhalira mabotolo amanata paliponse osadziwa. Kenako ananyamula mdzukulu wawo, awiriwiri kwa nthawi yoyamba, n'kumuuza kuti, "Akazi anga, apolisi apita."

Akazi awo atsopanowo anawayang'anitsitsa, anaona kuti si mayi ake, ndipo anatsekula kukamwa. Kulira kwake kunali kwa munthu wa mapapo abwino. Akalira ankatsokomola, akatsokomola ankalira. Khonde limenelo linayang'ana kumsewu, ndipo msewu unamva.

Oyamba kufika anali a Makanika, sipanala ili m'manja. "Makutu angawa akundinamiza? Mwana akutsokomola pakhomo pa a Tanyambitani? Dziko latha basi."

Kenako anaima woitanira minibasi wina. "Madala, kauchi pang'ono, achire pompano. Mwaiwala ntchito yanu?" Telala wa pakona nayenso anabwera, ndi mayi wina wongodutsa amene analibe nazo n'komwe ntchito. Aliyense ankanena chinthu chimodzi, ndipo ankachinena ndi mawu a a Tanyambitani enieni, kamvekedwe kake komwe, poti anawaphunzitsa ndi iwowo. Bambowo ankangopukusa mutu, akuyendayenda ndi mwana paphewa.

Womaliza anali Mayi a Matimati, amene ankagulitsa patebulo tsidya la msewu, mayi wa mtima wabwino ndi manja ofulumira. Anaimirira kaye atagwira m'chiuno.

"Abambo, mwana akuvutika uyu. Mwakalamba, mwayamba kuopa ana obereka nokha? Makiyi a shopu mwataya? Dikirani."

Anawoloka msewu, anatenga botolo lawo limene linachokera pa shelefu yomweyo, anaviika chala n'kubwerera chala chili patsogolo, uchi ukuyenderera. "Bwera kuno, mwanawe. Mayi ako sadziwa."

Zimene zinachitika anthu amazikambabe. A Tanyambitani, munthu amene msewu unali usanamumvepo akukalipa, anatembenuka n'kuphimba mwana ndi thupi lawo lonse, ndipo ndi chigongono anakankha dzanja lija. Chala chinakathera pakhutu pawo.

"Chotsani dzanja lanulo!" anabangula. "Chotsani!"

Mwana anasiya kulira kuti aone amene wamuposa mawu.

"Mukundikankha ine?" anatero Mayi a Matimati, akuyang'ana chala chawo ngati chavulala. "Si inu munkatiuza kuti uchi ndi mankhwala a mwana aliyense?"

"Ndinkalakwitsa pamenepo," anayankha akupuma mwawefuwefu. "Wamkulu anyambite, wa sukulu anyambite, koma wosakwana chaka ayi. M'mimba mwake simunakhwime, mu uchi mumapezeka tizilombo tina timene timamera m'mimbamo, mwana n'kufooka mpaka kulephera kupuma. Kusefa sikuthandiza, kuwiritsa sikuthandiza. Ndinakafunsa ndekha kusikelo. Amene ali ndi khanda kunyumba akamuuze mnzake kuti ndanena ndine, mwini ming'oma."

"Ayi zikomo," anatero a Makanika akukanda m'mutu ndi sipanala. "Tsopano omanidwa tilipo awiri, ine ndi khandali. Takulandira, mwanawe, m'bungwe lathu timangonunkhiza chivindikiro."

Anthu anaseka n'kuyamba kumwazikana. Mayi a Matimati okha anabwerera patebulo lawo akung'ung'udza, akunyambita chala chawo.

A Tanyambitani analowa m'nyumba, anatsuka khutu ndi khosi, anasinthanso shati, imene inali ya kutchalitchi chifukwa zina zinatha. Kenako anachita monga anauzidwira. Anaika tsaya lawo pachipumi cha mwana, sichinali chotentha. Anakweza kadiresi n'kuyang'anitsitsa pansi pa nthiti, kupuma kunali kwabwinobwino. Anamupukuta mphuno ndi kansalu kofewa, zimene mwiniwake anazitenga ngati chipongwe chachikulu. Anamumwetsa mkaka wa m'kapu pang'onopang'ono, wina ukulowa, wina ukuthera pa shati ya kutchalitchi. Atatha anamunyamula chilili pachifuwa n'kuyamba kuyenda uku ndi uku pakhonde.

Nyimbo za ana sankazidziwa, ndipo mawu awo oimbira anali oti kwaya inawapempha kalekale kuti azingothandiza kunyamula mabenchi. Ndiye anangotseka pakamwa n'kumalira chapansipansi m'chifuwa, monga umamvekera mng'oma ukauyandikira masana. Mwana anamva chifuwa chikunjenjemera pansi pa tsaya lake ndipo anadabwa. Anagwira ndevu ndi kadzanja kamodzi, anakoka kuti aone ngati zingachoke, anatsokomola kamodzi, anayasamula. Mutu unayamba kulemera. Bambowo anabwerera chafutambuyo mpaka anakhudza mpando, anakhala pang'onopang'ono, ndipo sanasunthenso.

Dzuwa linakwera n'kuyamba kupendeka. Mkono wamanzere unachita dzanzi mpaka anaiwala kuti ndi wawo. Tiyi wa m'mawa anayamba kuwakumbutsa kuti akufuna kutuluka. Kasitomala anabwera kudzafunsa za mpando wake, iwo anangomuopseza ndi maso, munthuyo n'kubwerera akunyang'ama. Kampweya kotentha ka mwana kankawapuma pakhosi, malovu akunyowetsa kolala, ndipo a Tanyambitani anali osangalala kuposa tsiku lina lililonse limene ankalikumbukira. Chinkawadetsa nkhawa n'chimodzi chokha, kuti mwini mwana akubwera, ndipo dzino lochotsa silikhalapo tsiku ndi tsiku.

Anamuona akukhota pakona, akuyenda mofulumira, thonje lili m'kamwa. Koma asanafike pakhonde, Mayi a Matimati anamutchingira pakati pa msewu. Anali atasunga mlandu wawo tsiku lonse, ndipo anaupereka mokweza kuti aliyense amve.

"Iwe, bambo akowa uwalangize! Ine kufuna kuthandiza mwana wako ndi kauchi, iwo kundikankha pamaso pa anthu, kundikalipira ngati ndine kamwana! Taona dzanja langali. Akuti wosakwana chaka ayi, wosakwana chaka ayi, mpaka kutichititsa msonkhano. Munawadyetsa chiyani kusikelo kwanuko?"

Chitsiriza sakanatha kuyankha ndi thonje lija. Anangoima, akuyang'ana mayiwo, kenako loko wa pa shopu, kenako khonde. Anayenda pang'onopang'ono mpaka anafika pamene panali bambo ake.

"Mkaka wamwa theka," ananong'oneza a Tanyambitani. "Phala sanadye, anagona. Thupi silikutentha, nthiti ndayang'ana, akupuma bwino. Chifuwa chilipo koma chachepa." Anazengereza pang'ono, kenako anayamba kunyamula mwana kumuchotsa pachifuwa kuti amupereke, mtima ukukana.

Chitsiriza anaika dzanja paphewa pawo n'kuwabwezera kumpando. Maso ake anali atadzaza misozi, ndipo sinali ya dzino. Analoza tsaya lake, analoza m'nyumba, anaika manja awiri pansi pa khutu kusonyeza tulo. Sanaweramire mwana kuti amununkhize pakamwa. Analowa, anadutsa pabalaza mpaka kuchipinda chake chakale, ndipo bambo ake anamva chitseko chikutsekeka, bedi n'kulira.

A Tanyambitani anakhala pamenepo misozi ikutsikira m'ndevu, alibe dzanja loipukutira. A Makanika, amene ankaonera zonse ali pageti ya galaja, anabwera akupukuta girisi pa ovolosi.

"Akulu, mwakhala nthawi yaitali. Ndisambe m'manja ndikulandireni pang'ono, mukawongole msana?"

Bambowo anapukusa mutu pang'onopang'ono kuti mwana asadzuke.

"Pitani mukagwire ntchito yanu," ananong'oneza. "Mayi wake wandisiyira ine."